Zokhala Kunsi kwa Mwala ku Chikale

Mwana wa ku Nkhata Bay amayamba sukulu atadziwa kale kusiyanitsa usipa ndi utaka, kampango ndi bombe, batala ndi chambo. Amadziwa kuti chiutsi chakuda chimene chadzuka pakati pa nyanja si moto ayi, ndi nkhungu. Amadziwanso kuti mwera ukayamba, bwato laling'ono lisapite patali. Nzeru zimenezi n'zakuya, ndipo palibe buku limene linazilemba zonse. Komabe ndikamazilingalira ndimaona kuti zili ndi malire ake. Timapatsa dzina chimene timadya, chimene timagulitsa, ndi chimene chingatiphe. Chimene sichilowa mumphika, sichifika pamsika, ndiponso sichigubuduza bwato, timangochidutsa.

Chimodzi mwa zodutsidwazo ndi chinkhupule cha m'madzi. Sindikunena choyanga pampanda chija, chimene timasenda chikauma n'kumasambira, chifukwa chimenecho ndi chomera, m'bale wake wa dzungu ndi nkhaka. Sindikunenanso siponji ya mugolosale yotsukira mbale. Ndikunena nyama. Ilibe mutu, pakamwa, mtima, magazi ngakhale ubongo, ndipo ikakhazikika pamwala siichokapo mpaka imfa, koma ndi nyama ndithu. Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean akhala akuivuula pansi pa madzi kuyambira makedzana, n'kumagwiritsa ntchito mafupa ake ofewa posamba ndi popukuta. Chinkhupule chimene Mauthenga Abwino amati chinaviikidwa mu vinyo wosasa pa Gologota chiyenera kuti chinali chamtundu umenewu. Zambiri mwa nyamazi zimakhala m'nyanja zamchere, koma zilipo zochepa zimene zinalowa m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere, ndipo nyanja yathu ili nazo zake.

Ku Chikale ndimakonda kupitako mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu mchenga umadzaza ndi alendo ochokera ku Mzuzu, zoimbira zili pokopoko, moti munthu sangamve ngakhale maganizo ake omwe. Koma m'mawa wa tsiku wamba mumangopeza amayi akukwecha mapoto ndi mchenga, ana akudumphira m'madzi, ndi mabwato atagona pagombe. Kumene mchenga wathera kumayamba miyala, ndipo kumeneko ndiye kumudzi kwa mbuna. Ukavala magalasi osambirira n'kuviika nkhope m'madzi, maso amangotengeka ndi tinsomba timeneti, ta buluu, ta mizeremizere, tikubudula ndere pamiyala ndi kuthamangitsana. Pamafunika kudzigwira mtima kuti usiye kutsatira zoyenda, uyambe kuona zongokhala.

Pamwamba pa mwala pamakhala ndere zoterera. Kunsi kwake, kumene dzuwa silifika, kuli dziko lina. Nditatembenuza mwala wina wokwana m'manja awiri, kankhanu kanathawa cham'mbali, tinkhono tinatsala titakangamira, ndipo pakati pake panali chigamba chotuwira, chosaposa chikhatho cha mwana, chitamatirira zolimba. Sichinali choterera. Pochikhudza ndi chala chinali chokhakhala pang'ono, chofewa koma chosafumbutuka, ndipo nditachiyandikitsa kumaso ndinaona kuti ponse panali timabowo tosawerengeka, ndi mabowo ena ochepa okulirapo. Kuchala kunatsala kafungo ka matope a kudambo.

Bambo wina wachikulire anali m'bwato chapafupi, akukonza mbedza zake. Ndinakweza mwala uja kufika pamwamba pa madzi.

"Ada, kodi ichi mumachitcha chiyani?"

Anasuzumira, n'kuchikanda pang'ono ndi chikhadabo. "Ndi litsiro la mwala limenelo, mwana wanga. Ngakhale nsomba sizilifuna."

Pa za nsombazo sanalakwitse kwenikweni. Ndi zamoyo zochepa zimene zimadya chinkhupule, chifukwa thupi lake ladzaza ndi timinga tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi silika, chinthu chomwecho chimene chili mumchenga ndi m'galasi. Ndito tinkakhakhala kuchala kwanga. Koma litsiro ndiye ayi. Chimene bambowo anakanda ndi chikhadabo ndi cha mbumba imene mafupa ake amapezeka m'miyala ya zaka zoposa 500 miliyoni, nsomba zisanakhale ndi nsagwada, mitengo isanamere pamtunda. Poyerekeza ndi mbumba imeneyi, nyanja yathu, imene zaka zake zili m'mamiliyoni owerengeka, ndi ya dzulodzuloli.

Thupi lonse la chinkhupule ndi njira za madzi basi. Madzi amalowa pa timabowo ting'onoting'ono tija, n'kuyenda m'timipita mpaka kufika m'tizipinda tozungulira. Makoma a tizipindato ayalidwa ndi maselo a mtundu wapadera. Selo lililonse lili ndi kamchira kamodzi kozunguliridwa ndi kolala ya tizingwe tothinana. Timichira tikamakupiza, madzi amakokedwa, ndipo mabakiteriya ndi tizinyenyeswa tina timakodwa pa kolala paja. Madzi osefedwa amatulukira pa mabowo akuluakulu. Kudya, kupuma, kutaya zoipa, ngakhale kutumiza mbewu ya ubereki, zonse zimadalira mtsinje umodzi womwewo. Mimba palibe. Selo limameza chakudya palokha n'kupatsirako maselo ena oyendayenda m'thupimo, amene amagawira anzawo. Maselo oyendayendawa amatha kusanduka mtundu uliwonse umene ukufunika, wopanga timinga, wophimba kunja, kapena dzira. Pa tsiku limodzi chinkhupule chimatha kupopa madzi ochuluka kuwirikiza kukula kwa thupi lake kambirimbiri, kufika m'masauzande. Timipita tija tikatsekeka ndi matope, thupi lonse limakhwinyata pang'onopang'ono n'kukankhira zinyalalazo kunja. Akatswiri amati chikuyetsemula, ngakhale kuti kuyetsemula kumodzi kumatha kutenga theka la ola kapena kuposa. Chodabwitsa n'chakuti maselo onsewa amagwirizana nthawi yokhwinyata popanda mitsempha yotumiza uthenga, popanda wowalamula.

Ndikaganiza za bambo a m'bwato aja sindiwaona ngati osadziwa, chifukwa anzeru a ku Ulaya nawonso anakhala zaka pafupifupi 2,000 akukanika kugwirizana. Aristotle analemba za zinkhupule, ndipo anaziika m'malire a nyama ndi zomera. Kwa nthawi yaitali zinkaponyedwa m'gulu la zolengedwa zimene ankati ndi nyama ndi zomera pamodzi. Mu 1765 John Ellis wa ku London anaona kuti madzi amayenda pa mabowo ake. Koma amene anatsimikizira bwino anali Robert Grant wa ku Edinburgh, cha mu 1825. Anaika kachidutswa kamoyo m'kambale ka madzi a m'nyanja, n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ndipo anaona madzi akutumphuka pa bowo limodzi atanyamula tizinyalala, osalekeza. Anayang'ana mpaka diso linatopa, madziwo akutulukabe. Ndi iye amene pambuyo pake anapatsa gulu lonseli dzina lakuti Porifera, ndipo ndi yemweyo amene ankayenda m'mbali mwa nyanja ndi mnyamata wina wophunzira zaudokotala, Charles Darwin, kumuphunzitsa kuyang'ana tinyama tonyozeka ta m'miyala. Chimene chimandikhudza pa nkhani ya Grant n'chakuti sanapite kudziko lakutali. Anatola chinthu cha pagombe la kwawo, chimene asodzi a kumeneko ankachipondaponda, n'kukhala nacho pansi nthawi yokwanira.

Mu 1907 Henry Van Peters Wilson, ku North Carolina, anachita chinthu chooneka ngati nkhanza. Anatenga chinkhupule chofiira n'kuchifinyira pa nsalu ya silika yothinana, mpaka chonse chinasanduka madzi ofiira a maselo omwazikana. Atawasiya m'mbale, maselowo anayamba kukwawa pansi, kufunana, kuunjikana m'timagulu, ndipo patapita masiku timaguluto tinatsegula timipita n'kuyamba kupopa madzi. Ofufuza ena pambuyo pake anasakaniza maselo a mitundu iwiri, ndipo anapeza kuti lililonse limakonda kumatirira kwa a mtundu wake. Nkhani imeneyi imandisowetsa mtendere pang'ono. Kodi chinkhupule ndi chamoyo chimodzi kapena ndi khamu? Munthu ukamudula mkono samera wina, ndipo mkonowo susanduka munthu. Ife tinalipira mtengo umenewu kuti tikhale ndi maso, miyendo ndi maganizo. Chinkhupule sichinapite patali chotero pogawa ntchito m'thupi, n'chifukwa chake chimatha kuyambiranso kuchokera pa kachidutswa.

Mitundu ya zinkhupule yodziwika lero ndi yoposa 9,000, ndipo kuyambira kale akatswiri akhala akuigawa poyang'ana mafupa ake. Amasungunula mnofu ndi mankhwala, n'kuyala timinga totsala pa kagalasi, n'kuyamba kuyeza ndi kujambula. Pali magulu akuluakulu anayi. Calcarea ndi za timinga ta laimu, zing'onozing'ono kawirikawiri. Hexactinellida ndi za galasi, za timinga ta nsonga 6, zokonda pansi penipeni pa nyanja zamchere. Yotchuka mwa izo ndi Euplectella, imene mkati mwake mumakhala tinkhanu tiwiri, tating'ono polowa, koma tikakula sitingathenso kutuluka, moti ku Japan ankaipereka ngati mphatso ya ukwati. Homoscleromorpha ndi kagulu kochepa kamene kanapatulidwa pakokha posachedwapa, kafukufuku wa DNA ataonetsa kuti si ka kumene kanaikidwa poyamba. Zotsala zonse, zoposa magawo atatu mwa anayi, ndi Demospongiae. Muno ndimo muli zosambira zija, zimene mafupa ake ndi ulusi wofewa wopanda timinga, ndipo ndimonso muli zonse za m'madzi opanda mchere, zimene mitundu yake ndi pafupifupi 250 padziko lonse.

Mipanda imeneyi ndi anthu anaimanga, ndipo zamoyo sizinalonjeze kukhala mkati mwake. Mabuku onse ankati chinkhupule ndi nyama yosefa madzi, mpaka mu 1995 pamene Jean Vacelet ndi Nicole Boury-Esnault anafotokoza china cha m'phanga la pansi pa Mediterranean chimene sichisefa konse, koma chimakola tinkhanu ndi timbedza take n'kutigaya. Mabuku ankatinso zinkhupule ndiye nthambi yoyamba kupatuka pa mtengo wa nyama zonse, koma kuyambira 2008 akatswiri ena akhala akunena kuti oyamba kupatuka anali ma ctenophore, tinyama toonekera mkati toyandama m'nyanja zamchere, ndipo kafukufuku wa 2023 anawonjezera mphamvu ku mbali imeneyo. Mkanganowo ukadalipo.

Tsono tibwerere kwathu. Mu 1972 katswiri wa ku Belgium, Paul Brien, analemba m'Chifalansa za chinkhupule chatsopano chochokera m'nyanja yathu, chokhala ndi timinga totulukira kunja, ndipo anachitcha Malawispongia echinoides. Sichipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 2002, m'buku lalikulu la Systema Porifera, akatswiri awiri a ku Italy, Renata Manconi ndi Roberto Pronzato, anakhazikitsa banja lonse la zinkhupule n'kulitcha Malawispongiidae. M'banjamo anaikamo cha kwathuchi, cha ku nyanja ya Tanganyika, cha ku nyanja ya Ohrid pamalire a Albania ndi North Macedonia, cha ku nyanja ya Poso pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia, ndi cha ku Nyanja ya Galileya. Tangoganizani, banja la zamoyo lotambalala kuchokera ku Ulaya mpaka ku Indonesia likutchedwa ndi dzina la dziko lino, ife eni dziko osamvako n'komwe. Ngati chigamba cha pamwala wa ku Chikale chija chinali Malawispongia kapena m'bale wake wina, ndi maikulosikopu okha anganene, pakuti zinkhupule sizizindikirika ndi maso.

Banja limeneli linamangidwa pa maziko achilendo. Zinkhupule zisanuzi anaziika pamodzi makamaka chifukwa chakuti zonse zimakhala m'nyanja zakalekale, ndiponso zonse zilibe chinthu china chimene zinzake za m'madzi opanda mchere zili nacho. Chibale cha kusowa chinthu chimodzi sichichedwa kupasuka. Kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti a m'banjali si a magazi amodzi, ndipo mu 2013 ofufuza anapeza kuti cha ku Galileya chija n'chapafupi kwambiri ndi Ephydatia, chinkhupule wamba cha m'mitsinje ya mayiko ambiri. Zikuoneka kuti zinafanana chifukwa zinakhala moyo wofanana, chilichonse m'nyanja yake. Kwa akatswiri ogawa mitundu imeneyi ndi ntchito yoti akonzenso. Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi chinthu chosowacho.

Chinkhupule cha m'dziwe kapena cha mumtsinje chimadziwa kuti madzi adzauma, kapena kumayiko ozizira, adzaundana. Nyengo ikayamba kuipa chimasonkhanitsa maselo odzaza chakudya n'kuwakutira m'timibulu tolimba, tosaposa milimita imodzi, totetezedwa ndi timinga tapadera. Akatswiri amatitcha ma gemmule. Thupi lalikulu limafa n'kuwola, koma timibuluto timatsala pamwala kapena pa chitsa, padzuwa ndi pafumbi, miyezi ngakhale zaka. Tina timauluzika ndi mphepo, tina timanyamulidwa pa mapazi a mbalame. Madzi akabwerera timatseguka, maselo n'kutuluka, n'kumanga chinkhupule chatsopano. Ndiyo nkhokwe yake. Wokhala kumene mvula siidalirika amamanga nkhokwe, ndipo njala ikafika amatsegula. Timinga ta pa timibuluti ndito akatswiri amadalira kwambiri pozindikira mitundu ya zinkhupule za m'madzi opanda mchere, n'chifukwa chake zopanda timibulu zimawazunguza mutu.

Malawispongia ilibe nkhokwe. Za ku nyanja ya Baikal ku Russia, za banja la Lubomirskiidae, nazonso zilibe. M'nyanja yathu yaikulu, yakuya mamita oposa 700, yosauma chilimwe, yosaundana, kukonzekera chilala ndi kutaya mphamvu pachabe, ndipo m'kupita kwa mibadwo luso limenelo linazimirira. Chinkhupulechi chinaika moyo wake wonse m'manja mwa nyanja. Sichingauluzike kupita ku dziwe lina, sichingagone n'kudikira kuti zinthu zikhale bwino. Nyanja ikakhala bwino, chili bwino. Ikadwala, chilibe kothawira. Ngakhale m'nyanja momwemo malo ake ndi ochepa, chifukwa kupitirira mamita 200 kapena 250 kupita pansi madzi alibe mpweya wa okosijeni, ndipo nyama sizikhalako.

Komatu nyanja imene tinazolowera kuiona ngati yosasintha yakhala ikusintha kwambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja. Mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Zimenezo n'zazing'ono. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope osanjikizana a zaka zikwi zambiri, ndipo matopewo anaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa chilala chimene chinatsitsa madzi ndi mamita mazana angapo, n'kusiya osakwana gawo limodzi mwa magawo 10. Pa nthawi imeneyo miyala ya ku Chikale inali pamwamba pa phiri louma, nyanja ikuonekera kutali kumunsi. Chinkhupule chopanda timibulu chingapulumuke zoterezi mwa njira imodzi. Ana ake amabadwa ngati timphutsi tosambira, amene amayenda kanthawi kochepa asanakhazikike pamwala. Madzi akamatsika pang'onopang'ono, m'badwo uliwonse umakhazikika kumunsi pang'ono kuposa makolo ake, ndipo motero mtundu wosayenda umasamuka. Kusintha kwapang'onopang'ono kumatsatika. Kwadzidzidzi n'kumene kumapha.

Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo mapiri ake amatsetserekera m'nyanja mwachindunji. Aliyense amene wakhalako nthawi ya dzinja waona mmene madzi amafiirira pa mathiriro a mitsinje ngati Luweya mvula ikagwa usiku. Pamene mitengo yadulidwa ndipo minda yakwera m'malo otsetsereka, dothi lokokoloka limachuluka. Dothilo likadikha limakuta miyala. Mbuna zimasowa ndere zoti zibudule, koma izo zimatha kusambira kukafuna mwala wina. Chinkhupule chimayetsemula, n'kuyetsemulanso, mpaka timipita titatsekeka kotheratu. Chikafa palibe amene amadziwa, chifukwa sichiyandama ngati nsomba zakufa, ndipo palibe msodzi angadandaule kuti chasowa muukonde.

Ndikudziwa kuti wina afunsa kuti, nanga ntchito yake n'chiyani? Funsoli sindilikonda, chifukwa ndi lomwe lija limene limatichititsa kudutsa chilichonse chosalowa mumphika. Koma yankho lilipo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Werner Bergmann anapeza mankhwala achilendo m'chinkhupule cha ku Caribbean, ndipo nzeru imeneyo inathandiza kupanga cytarabine, amene anavomerezedwa mu 1969 ndipo mpaka lero amathandiza odwala khansa ya m'magazi. Eribulin, wa khansa ya m'mawere, wovomerezedwa mu 2010, anachokera pa mankhwala a m'chinkhupule cha ku Japan. Nyama yosatha kuthawa imadziteteza ndi mankhwala, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amazilondalonda. Ngakhale oumba mbiya anazipezera ntchito. Ku Amazon ndi m'chigwa cha mtsinje wa Niger ku Mali, anthu akale ankasakaniza zinkhupule za mumtsinje ndi dongo kuti timinga take tilimbitse mphika. Chimodzi chokha tisadzinamize nacho: kusefa kwa chinkhupule sikuyeretsa madzi a pagombe kuti munthu amwe osaphitsa. Kolera imene inavuta boma la Nkhata Bay mu 2022 inatikumbutsa kuti zimene timataya m'nyanja zimatibwerera.

Chimene chimandisautsa kwambiri si matope okha, koma kuti ngakhale zinkhupule zitachepa ndi theka, tingadziwe bwanji? Nkhata Bay si malo achilendo ku sayansi. M'zaka za m'ma 1950 kunali malo ofufuzira za nsomba a boma la atsamunda, ndipo Geoffrey Fryer anakhala m'magombe a kuno akuyang'ana zimene mbuna iliyonse imadya ndi malo amene imakhala. Zimene anasindikiza mu 1959 zinakhala maziko a zambiri zimene dziko limadziwa za nsomba za m'miyala ya nyanjayi. Kuchokera apo nsomba zathu zatchuka. Mitundu yake ndi mazanamazana, ena amati ikuyandikira 1,000, ndipo ndizo zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mbuna zili m'mabuku a zithunzi ndi m'matanki a galasi ku Germany ndi ku America. Koma za kunsi kwa mwala zalembedwa pang'ono chabe, ndipo zochepazo zambiri zili m'zilankhulo zakunja, m'malaibulale akutali.

Sindikuona chifukwa chakuti zikhale choncho mpaka kalekale. Kufufuza zinkhupule sikufuna sitima yaikulu kapena makina a mamiliyoni. Kumafuna magalasi osambirira, kampeni, timabotolo, maikulosikopu wamba, ndi munthu wodekha. Mzuzu University, imene imaphunzitsa za usodzi ndi zamoyo za m'madzi, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pano. Ku LUANAR kulinso maphunziro a za nsomba, ndipo ku Monkey Bay kuli nthambi ya boma yofufuza za usodzi. Wophunzira mmodzi atangoyenda m'miyala ya Chikale, Usisya, Chintheche, Likoma ndi Chizumulu, akulemba kumene wapeza zinkhupule, kuya kwake ndi maonekedwe a timinga take, angatipatse poyambira kuwerenga. Anyamata amene amaperekeza alendo kukasambira pansi pa madzi amaidziwa miyala imeneyi kuposa pulofesa aliyense, ndipo atauzidwa chimene akuyang'ana sangachedwe kuchipeza.

Ndimaganizanso za ife anthu a m'mbali mwa nyanja. Wakumtunda amawerengera mvula ndipo amakhala ndi mantha chaka chilichonse. Ife tinazolowera kuti kondowole akapsa, ndiwo zichokera kunyanja, ndipo kwa mibadwo yambiri nyanja siinatinamize. N'chifukwa chake kuchepa kwa chambo kunatipeza tili chigonere. Ife komabe tili ndi miyendo. Anthu a kuno akhala akupita ku Joni ndi ku Harare kuyambira nthawi ya agogo athu, ndipo zikavuta mnyamata amakwera basi. Cha kunsi kwa mwala chija chilibe basi yokwera.

Inu amene mudzapite ku Chikale, mukadzatopa ndi mchenga, dzapiteni kumiyala ndi magalasi osambirira, mudzatembenuze mwala umodzi wa m'madzi ofika m'chiuno. Mukadzapeza chigamba chokhakhala cha timabowo, mudzachionetse kwa ana amene muli nawo, mudzawauze kuti ndi nyama. Koma musadzachitulutse m'madzi, chifukwa mpweya ukalowa m'timipita take chimatha kufa, ndipo mukamaliza mudzabwezere mwalawo mmene munaupezera, kunsi kukhale kunsi.